Wisiki Wonunkha Chipatala

Lolemba, 7 Novembala

Mphepo ndi mvula yopingasa. Atsekwe adzaza m'munda mwa mnansi wathu Hector, phokoso kuyambira m'mamawa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi amuna anga a Dugald ali m'chipatala ku Bowmore. Mtima, ndi madzi m'mapapo. Phala la m'mawa, masipuni awiri. Supu wa masana anangomuyang'ana. Ndinawapititsira nsomba yowamba imene amaikonda, yabwerera momwemo, wadya ndi mphaka. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinagwira unamwino pachilumba chino cha Islay. Okana chakudya ndadyetsa osawerengeka, ena mowanyengerera, ena mowaopseza. Mwamuna wanga yekha wandikanika.

Dokotala watsopano uja wanditengera pambali. Akuti akapanda kuyamba kudya sabata ino, tisayembekezere zambiri. Mawu amenewa ndinkawauza anthu ndine, nditaima m'makhonde mwawo. Ndamuthokoza chifukwa sanazungulire.

Ndiye pamene ndimavala chikhoti kuti ndizipita, a Dugald andigwira mkono. "Nesi, undipezere wisiki wa ku Ardvoran. Osati wina ayi. Wa ku Ardvoran."

Munthu ameneyu sanalawe dontho chiyambire 1984. Ndipo akutuma ine, mwana wa mkulu wa mpingo, amene mowa sunadutsepo pakhosi panga. Koma ndi chinthu choyamba chimene apempha chilowereni m'chipatala. Munthu akamalakalaka kanthu ndiye kuti njala ikadalipo penapake. Kakapu kamodzi kamadzutsa chilakolako cha chakudya mwa nkhalamba, ndimadziwa bwino, ngakhale sindinavomerepo pagulu. Akalawa adya. Akadya abwera kunyumba.

Vuto, fakitale ya Ardvoran inatsekedwa mu 1983. Denga la nyumba youmitsira chimera linagwa kalekale, mwatsala nkhunda. A Dugald anagwiramo zaka makumi awiri ndi zitatu, kutembenuza balere ndi fosholo yathabwa, kusonkhezera moto wa piti, dothi lakuda loyaka ngati nkhuni, pansi pake mpaka utsi ulowerere m'chimeramo. Piti wake ankakumba okha kudambo la kuseri kwa fakitale, kufupi ndi nyanja, n'kumuyanika chilimwe chonse.

Ndaimbira mwana wathu Rhona ku Glasgow. Abwera Lachisanu ngati sitima ya pamadzi iyenda.

Mtima uli m'malo pang'ono lero. Apempha kanthu.

Lachiwiri, 8 Novembala

Ndalowa m'sitolo ya mowa koyamba m'moyo wanga. Ndinayamba ndayang'ana uku ndi uku mumsewu. Zaka makumi asanu ndi awiri, kumachita ngati wakuba.

Mwini wake ndi Marsali, amene ndinamulandira ndi manja angawa pobadwa, m'khitchini ku Portnahaven. Atandiona anaika pansi katoni imene ananyamula. "A Nesi, mwasochera, kapena mwabwera kudzatitsekera?"

Nditamuuza anasiya kuseka. Akuti wisiki wa ku Ardvoran pafupifupi yense ankawoloka nyanja m'migolo kukasakanizidwa ndi ena. Wa payekha, wosasakaniza, anaikidwa m'mabotolo ochepa kwambiri. Limodzi likaoneka pamsika olemera amalimbirana, lomaliza linagulidwa kuposa mtengo wa galimoto yanga. Ndipo ngakhale nditagulitsa galimotoyo, silingafike sabata ino.

Ndiye anati tiyese kupeza wofananako. Anandifunsa kuti ankanunkha bwanji. Sindikudziwa. Manyazi anandigwira. Munthu wagwira ntchito zaka zonsezo, mkazi wake osadziwa chimene ankapanga.

Anandiikira timatambula tisanu ndi tiwiri pakauntala, onse a pachilumba pano, onse a chimera cha utsi. Ine kungonunkhiza basi. Woyamba wotsekemera, ngati keke ya pa Khirisimasi. Wachiwiri udzu wopserera. Wachitatu sindinamve kanthu koma kuwawa m'mphuno. Wachinayi, mayi ine. Ndinangopezeka ndili m'wodi momwe ndinaphunzirira ntchito, ndili mtsikana. Ayodini. Bandeji yongotsegula kumene. Sopo wotsukira pansi. Ndinanena mokweza osadziwa. Panali alendo awiri ochokera ku Japan, timabuku m'manja, ndipo mmodzi anayamba kulemba zonse zimene ndimanena. Ine Ishbel MacCuaig, amene onse amangonditcha Nesi, kuphunzitsa anthu mowa.

Marsali wandithirira timabotolo titatu. Ndalama wakana. Akuti amayi ake angamudzudzule ali kumanda.

A Dugald anunkhiza atatsinzina. Woyamba, "Shuga." Wachiwiri akuti utsi ulipo koma ndi wa ana owotcha mbatata. Wachitatu anamugwira nthawi yaitali. Kenako anabweza. "Wayandikira. Koma wa kwathu ankanunkha chipatala chenicheni, ndi phula la boti, ndi ndere zowola pagombe. Uyu wasamba."

Sanalawe ngakhale mmodzi. Komabe alankhula zambiri m'mphindi makumi awiri kuposa sabata yonse yathayi, za piti wa kugombe, za chaka chimene madzi anaphwa. Ali mkati molankhula ndawalowetsa masipuni anayi a kasitadi osazindikira. Anayi.

Mulungu amudalitse Marsali.

Lachinayi, 10 Novembala

Masiku awiri ndikuyenda khomo ndi khomo. Mawondo akuwawa.

Aliyense amene anagwirako ku Ardvoran anali ndi galu wake. Ndi mmene ankatchulira kachitoliro ka mkuwa komangidwa pachingwe. Kukaviika mumgolo kapitawo atayang'ana kumbali, kutseka, kukatsitsira m'mwendo wa thalauza, n'kumapita kunyumba mowongoka ngati msilikali. Ankati akuyendetsa galu. Tonse tinkadziwa, abusa omwe. Ndiye kuti m'nyumba zina muli wisiki ameneyu mpaka lero, m'mabotolo opanda dzina.

Ndinalemba mayina a amene adakali moyo, ndi akazi amasiye. Ndafika nyumba zisanu ndi zinayi. Makapu a tiyi asanu ndi anayi. Masikono osawerengeka, m'mimba muli ndii. Aliyense akufunsa za a Dugald, ena misozi ili m'maso. Ndikatchula botolo, onse nkhope gwa. Mkazi wa malemu Gilbert anachita kugwira pamtima. "Amuna anga? Galu? Sanaweteko ndi mphaka yemwe, a Nesi." Chonsecho thalauza la Gilbert ndinalidula ndine ndi sizasi tsiku limene anathyoka mwendo, ndipo ndikudziwa chimene chinagwamo.

Womaliza Hector, wa nyumba yoyandikana nafe. Ankagwira kosungira migolo. Mnzawo wa a Dugald kuyambira ku sukulu, ndiye anagula nkhosa zathu pamene mawondo a a Dugald anakana. Ndimati uyu yekha sangandikanize. Anayang'ana nsapato zake, makutu psuu, n'kuyamba kudandaula za atsekwe kuti amutherera msipu. Hector sadziwa kunama, koma walimbikira ndithu. Ndinachoka osatsanzika.

Pobwerera ndinadzera kwa mlamu wanga Effie, mchemwali wa a Dugald, kuti ndikatsitse mkwiyo. Anandisiya ndilankhule mpaka kumaliza, iye akusenda mbatata. Kenako anati, "Mlamu, zaka makumi atatu galimoto yako ikangotulukira pachitunda, azimayi ankathamanga kukabisa mabotolo m'khola la nkhuku. Lero ukufuna akuikire patebulo?"

Zoona. Ndinkawathira m'sinki. Ndikafika kwa wodwala, ndikapeza botolo, m'sinki. Sindinong'oneza bondo pa onse. Alipo amuna amene afika pokalamba chifukwa cha sinki, alipo akazi amene anasiya kubisa nkhope. Koma ena anali nkhalamba zopanda vuto, kakapu kamodzi pogona, ndipo sindinkasiyanitsa.

Ndi m'nyumba mwanga momwe. Chisanu cha 1984, fakitale itatsekedwa, a Dugald ankangokhala pampando kuyang'ana khoma, tambula m'manja. Tsiku lina ndinatenga mabotolo awiri a ku Ardvoran n'kuwakhuthula iwo akuona. Ndinawafunsa ngati pali lina. Analumbira kuti palibe. Kuyambira tsiku limenelo sanamwenso. Kulira kwa mabotolo aja m'sinki ndakhala ndikukumva sabata yonse ino.

Effie akuti si mantha okha. Kundionetsa botolo maso ndi maso ndi kuvomera kuti mwamuna wako kapena bambo ako ankaba. Palibe angachite zimenezo, ngakhale kwa munthu amene amamukonda.

Kudya lero: tiyi theka la kapu, bisiketi kungoluma.

Lachisanu, 11 Novembala

Namondwe. Sitima sinayende. Rhona ali kutsidya, akulira pafoni.

Sanadye kalikonse. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo, ndikadina chala dzenje likutsala. Ndikudziwa tanthauzo lake. Sindikufuna kulilemba.

Ndawafunsa mwachindunji. Inu mukudziwa amene ali nalo, tandiuzani dzina, ndipite pompano. Anandiyang'ana kanthawi, ngati akufuna kunena kanthu. Kenako, "Munthu satchula mnzake, Nesi." N'kutembenukira kukhoma. Ndinafuna kuwagwedeza. Munthu akutha ndikuona, iye ali pa mwambo wa fakitale imene inagwa denga.

Namwino wa masana wawameta ndevu, wawapesa. Manja ake ndi ofatsa kuposa mmene analili anga. Ndamuuza choncho, anadabwa.

Loweruka, 12 Novembala

Effie wabwera m'mawa osagogoda, monga mwa masiku onse. Wandifunsa kuti nsomba zazikulu zija zinkafika bwanji pakhonde panga zaka zonse zija. Zokutidwa m'nyuzipepala, m'mamawa, popanda dzina. Nanga mwendo wa mbawala uja, nditathandiza mayi wa mapasa. Zonsezo zinali zogwidwa mobisa m'mitsinje ndi m'mapiri a eni malo, ndipo ndinkadziwa. Sindinafunsepo. Ndinkangophika.

Ndiye akuti ndasokoneza ndekha pogogoda zitseko. Mawa ndikaimike galimoto kuseri kwa holo, kutali ndi khomo la tchalitchi, buti itayang'ana kukhoma. Ndisakiye. Ndilowe m'mapemphero, ndikatuluka ndikamwe tiyi ndi amayi anzanga, nditsuke makapu, ndichedwe. Iye lero akangotchulako pang'ono musitolo, ndi kwa woyendetsa galimoto ya makalata, kuti galimoto ya Nesi yawonongeka loko. Zina zonse zidziyendera zokha.

"Iwe ntchito yako ndi imodzi, kusaona. Ndikudziwa kuti kwa iwe ndi yovuta."

Ine ndi Effie sitinagwirizanepo kwenikweni. Amati ndinamulanda mchimwene wake n'kumusandutsa wodwala wanga. Lero ndamuperekeza mpaka pageti, ndipo ndinafuna kumukumbatira, koma tonse tikanachita manyazi. Ndamupatsa mazira.

A Dugald agona pafupifupi tsiku lonse. Madzi okha.

Lamulungu, 13 Novembala

Ulaliki sindinaumve ngakhale liwu limodzi. Ndinaona kuti anthu ena alowa mochedwa, ena atuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ndinayang'ana m'buku langa la nyimbo mwamphamvu. Kuholo ndatsuka makapu onse, ena kawiri, mpaka Effie anandigwedezera mutu.

Mabotolo khumi ndi limodzi.

Ena m'masokosi. Ena m'nyuzipepala. Lina m'kachipewa ka khanda, lina mu jombo. Botolo la lemonedi, la viniga, la mankhwala a chifuwa. Ndinatseka buti, ndinalowa m'galimoto, ndinalira mpaka magalasi anachita nthunzi. Anthu omwewa ndinawakhuthulira mowa wawo. Ndi omwewa anandikana m'maso Lachinayi. Kalukidwe ka masokosiwo ndikukadziwa, lina ndi la mkazi wa Gilbert, amalakwitsa chidendene nthawi zonse. Koma sindinaone kalikonse.

Sitima yayenda masana. Rhona wandipeza kukhitchini, pa Sabata, mabotolo ali mbwee patebulo, ine mphuno ili m'kapu. Anaima pakhomo ndi chikwama chake. "Amayi, mwayamba liti?"

Tanunkhiza limodzi, koma Rhona akuti onse akungonunkha moto. Ine ndinatsata zimene a Dugald ananena: chipatala, phula la boti, ndere zowola. Mphuno ikatopa ndinunkhize mkono wa juzi yanga, anandiphunzitsa Marsali. Ambiri ndi a mafakitale ena, anthu apereka chimene anali nacho. Awiri ndi otsekemera. Mmodzi watha mphamvu, chotsekera chinawola. Wa m'botolo la viniga akununkha viniga.

Botolo lachisanu ndi chinayi linali m'thumba la chakudya cha ziweto, lomangidwa ndi luzi. Botolo lakuda, lalifupi. Pepala lomatidwapo lachita chikasu. POIZONI. MANKHWALA A ZIBODA ZA NKHOSA. OSATSEGULA.

Zolemba za a Dugald.

Botolo limeneli ndikulidziwa. Linakhala pashelefu m'shedi yathu zaka makumi awiri. Ndinkalipukuta fumbi. Ana a Rhona atayamba kuyenda ndinalikweza pamwamba kuti asalifikire. Tsiku lina ndinalitsegulapo, ndinanunkhiza, ndinamva mankhwala, ndinatseka ndili wokhutira. Namwino wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Linapita kwa Hector pamodzi ndi nkhosa, m'katoni ya majakisoni ndi sizasi zometera.

Ndatsegula. Ayodini, phula, gombe nyanja ikaphwa. Palibe chokayikitsa.

Ndiye kuti anandinamiza mu 1984. Analumbira, lachitatu lili m'shedi. Ndi chifukwa chake Lachisanu sanathe kutchula dzina, akanadzitchula okha. Ndi chifukwa chake makutu a Hector anafiira, akanandipatsa pamanja akanaulula bodza la mnzake. Amuna awiri okalamba, aliyense kuphimba mnzake, nthawi ikutha.

Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere. Sunabwere. Ndinaika botolo pawindo kuti ndione mulingo wake. Lodzaza mpaka m'khosi. Zaka makumi awiri linali pafupi, masitepe khumi kuchokera pakhomo la khitchini, m'masiku oipa onse aja, amayi awo atamwalira, ntchito itasowa. Sanatsegule. Hector naye zaka zisanu ndi ziwiri, munthu woti amamwa, sanachotsepo dontho.

Rhona akuti ndimaseka ndi kulira nthawi imodzi. Nthawi yoona odwala inali itadutsa. Mawa m'mawa.

Lolemba, 14 Novembala

Ndinalitulutsa m'chikwama n'kuliika pa bulangeti. Analiyang'ana, anandiyang'ana. Nkhope ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga. Ananong'ona dzina la Hector. Ndinati sindikudziwa za Hector, ine ndalipeza m'galimoto. Anayamba kupepesa, mpweya ukuwathera. Ndinawauza kuti asunge mpweyawo, ndipo kuti chimene chandikhumudwitsa ndi kalembedwe koipa.

Ananunkhiza nthawi yaitali. Misozi inatsikira m'makutu, ndinawapukuta. Akuti ndi yemweyo. Akuti anachokera mumgolo wa pakona ya kunyanja, pamene mafunde ankamenya khoma nthawi yachisanu, ndipo chimera chake anaumitsa ndi iwo.

Ndinali nditabweretsa supu m'fulasiki ndi buledi wofewa, zonse zokonzeka. Ndinathira pang'ono m'kakapu ka mankhwala, ndinawadzutsa mutu. Anakankha dzanja langa.

"Si wanga uyu, Nesi. Ndi wa ogwira zingwe."

Sindinamve msanga. Kapena ndinamva.

Zingwe zisanu ndi zitatu zotsitsira bokosi m'manda, chilichonse ndi mwini wake wochita kusankhidwa. Akakwirira, anthu amaima pageti la manda, kakapu ka wisiki, tchizi, mabisiketi a otsi, asanabalalike. Ndaimapo kangati pageti limenelo, ndikukana kakapu mwaulemu. Iwo akufuna kuti anthu awo asanu ndi atatu adzamwe chimene anapanga ndi manja awo, osati chogula. Mayina analemba kale, kapepala kali m'kabokosi ka magalasi. Hector kumutu. Rhona kumiyendo. Akuti botolo likwanira asanu ndi atatu ngati wothirayo ali ndi dzanja la namwino.

Ndinati sabata yathunthu ndathamanga chilumba chonse, ndadzichititsa manyazi m'makomo mwa anthu, kuti inu mudye. Anati akudziwa. "Ndikanakuuza ntchito yake sukanapita."

Ndinatuluka. Ndinakakhala m'galimoto, supu ali pamiyendo. Ndinakwiya ndi iwo, ndi dokotala, ndi Effie amene ndikukhulupirira kuti ankadziwa kuyambira pachiyambi. Makamaka ndi ine mwini. Miyendo ija ndinaiona. Kapumidwe kaja ndakamva m'nyumba zambirimbiri. Wina aliyense ndikanamuuza kalekale kuti aitane ana.

Supu ndamwa ndekha. Kenako ndinabwereramo. Anali maso, akundidikira. Ndinakhala pambali pawo, ndinawerenga kapepala kaja, ndinakonza dzina limodzi limene analakwitsa. Tagwirana manja mpaka anagona.

Sabata yathayi ndikanaithera pampando uwu, kuwerenga masipuni ndi kuwakalipira. Anandipatsa chochita, ndipo ndaona zimene anthu a pachilumba chino anandisungira mumtima. Ndikuthokoza, ngakhale zikupweteka.

Lachitatu, 16 Novembala

Sakudya, ndipo ndasiya kuwakakamiza. Atisamutsira m'kachipinda kathu tokha, zenera loyang'ana kunyanja. Rhona m'mawa, ine masana, koma kwenikweni tonse tsiku lonse.

Pakamwa pakuuma. Anamwino anandipatsa timitengo ta siponji tonyowetsera milomo. Dzulo ndinayang'ana madzi a m'tambula, ndinayang'ana botolo lija m'kabati. Ndinathira pang'ono, ndinaviika siponji. Atangomva pamilomo anatsegula diso limodzi. "Ukuba mowa wa pamaliro."

Ndinati ndikuyendetsa galu. Anaseka mpaka kutsokomola, namwino anachita kusuzumira. Kenako anayamwa siponjiyo ngati khanda. Tsopano ndi m'mawa ndi madzulo, nthawi zina ndi masana. Mulingo ukutsika. Akudziwa, ndipo sakukananso.

Hector wabwera, atavala jekete ya ku tchalitchi. Akhala theka la ola. Akamba za atsekwe, za mtengo wa nkhosa, za mphunzitsi wina amene ankawakwapula onse awiri. Za botolo palibe watchula, chonsecho chipinda chonse chikununkha. Potuluka ndinamuperekeza pakhonde. Ndinangomuuza kuti mankhwala a ziboda akale aja ndaona kuti sawonongeka msanga. Makutu psuu. Anati inde, a Nesi, akale anali olimba. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kumapita mofulumira.

Marsali watumiza tchizi chachikulu kunyumba. Palibe anamuuza kanthu. Kapena onse auzidwa, ine ndekha ndiye ndinali m'mbuyo.

Loweruka, 19 Novembala

A Dugald atisiya m'mawa uno, teni koloko itangodutsa. Ine ndi Rhona tinalipo. Kunja kunali dzuwa.

Lachitatu, 23 Novembala

Kunacha bwino, kozizira, kopanda mphepo. Anthu mpaka kunja kwa tchalitchi. Zingwe zinayenda monga analembera. Rhona anagwira chake cha kumiyendo.

Pageti la manda Effie anayala tebulo, tchizi ndi mabisiketi. Mabotolo khumi aja anaikidwa pamenepo kuti khamu lonse limwe, masokosi atachotsedwa. Aliyense ankayang'ana la mnzake, lake osaliona.

Lakuda lija ndinaligwira ndekha. Timatambula tisanu ndi titatu pathireyi. Ndinathira mosamala monga ndinkathirira mankhwala, koma ndinkadziwa kale. Linathera pa kachisanu ndi chimodzi. Tiwiri tinatsala touma, anthu asanu ndi atatu ataima mondizungulira, dothi lili kunsapato.

Chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha. Ndinawauza zoona, kuti lachepa chifukwa cha ine, ndinkawanyowetsa nalo milomo masiku asanu, ngakhale anandiletsa.

Kenako Hector anavula chipewa, anakanda mutu. "Ndiye kuti mkuluyu wayamba yekha ife tisanafike. Ndi khalidwe lake, ngakhale ku fakitale sankadikira belu."

Anthu anaseka, pamanda pomwepo, abusa omwe. Hector anatenga kake n'kuthirako theka m'kouma kaja. Rhona anachita chimodzimodzi. Anamwa onse asanu ndi atatu, pang'onopang'ono. Wina wa iwo, amene anagwira nawo ntchito zaka zonse zija, anatembenuka kuyang'ana kunyanja ndipo sanatembenukenso msanga.

Anthu apita. Rhona wagona pampando ndi nsapato zomwe. M'nyumba muli masikono okwana mudzi wonse.

Mawu a Hector aja akhala akundiseketsa masana onse. Ndimati a Dugald akawamva atsokomola mpaka namwino abwere. Ndinayang'ana wotchi, kwatsala pang'ono folo koloko, ndikafulumira ndiwapeza ali maso. Ndinavala chikhoti, ndinatenga makiyi, ndinafika mpaka pagalimoto ndisanakumbukire kuti kulibenso wondidikira.